Momwe Mungayendetsere Mapulogalamu a Makompyuta Akale pa Kompyuta Yanu ya Lero

Gemu yomwe inalembedwera Commodore 64 singatseguke pa laputopu yanu ngakhale muidine kangati. Yosawonongeka, yabwinobwino, koma imamva chinenero cha purosesa ya MOS 6510 yokha, ndipo ikangodzuka imayamba kufufuza kachipangizo ka zithunzi ndi ka mawu pamalo enieni pomwe tinkakhala m'makina a 1982. Laputopu yanu ilibe zonsezo. Apa ndi pomwe emulator imalowerapo. Iyi ndi pulogalamu yotsanzira kompyuta yakale yathunthu, kuyambira purosesa, RAM, kiyibodi mpaka makina owerengera diski, moti gemu ija imaona ngati ili kwawo.

Chomwe ndikufuna mugwire musanapite patali ndi ichi: mukamatsegula emulator, mukukonza makina, ndipo makinawo ayenera kufanana ndi omwe mlembi wa pulogalamuyo anali nawo patebulo pake. Mavuto ambiri omwe anthu amakumana nawo, monga sikirini yongoda bii, nyimbo zothamanga ngati zikuthawa moto, kapena gemu yosamva batani lililonse, amachokera pa kusagwirizana kumeneku. Ndikhalitsa pa Commodore 64 chifukwa mukaidziwa bwino, enawo savuta.

Choyamba: dziwani makina ake

Yang'anani zilembo zakumapeto kwa dzina la fayilo. Mafayilo a .d64, .t64, .prg ndi .crt nthawi zambiri ndi a Commodore 64. A .tzx, .z80 ndi .sna ndi a ZX Spectrum, makina omwe kampani ya Clive Sinclair inatulutsa ku Britain mu April 1982. Fayilo ya .adf ndi diski ya Amiga. Chenjerani ndi .tap, chifukwa Commodore ndi Spectrum onse ali ndi mafayilo a dzina limeneli koma m'kati mwake ndi osiyana kotheratu. Chimodzimodzinso .dsk, yomwe ikhoza kukhala ya Apple II, Amstrad CPC kapena MSX. Zikatero werengani komwe mwaitenga.

Ambiri mwa mafayilo amenewa ndi zithunzi, kutanthauza makope enieni, a zinthu zogwirika. Fayilo ya .d64 ndi mbali imodzi ya diski yofewa ya mainchesi 5.25, yokopedwa yonse monga ilili, pafupifupi 170 KB. Ya .tzx ndi kaseti. Ya .crt ndi katiriji yomwe ankaisomeka kumbuyo kwa makina. Choncho simuitsegula ngati kalata ya Word. Mumailowetsa m'makina otsanzira aja, monga mmene mwini wake ankalowetsera diski yeniyeni.

Chachiwiri: tengani emulator yoyenera

Pa Commodore 64 tengani VICE. Pa Spectrum tengani Fuse. Pa Amiga pali WinUAE ngati muli pa Windows, kapena FS-UAE yomwe imayendanso pa Linux ndi macOS. Apple II ili ndi AppleWin, BBC Micro ili ndi BeebEm, MSX ili ndi openMSX, Atari ST ili ndi Hatari, ndipo mapulogalamu a MS-DOS amayenda mu DOSBox. Onsewa ndi aulere. Apangeni dawunilodi kuchokera pa tsamba la eni ake, osati pa masamba odzaza ndi mabatani obiriwira onyengerera. Chithunzi cha diski yakale sichingawononge kompyuta yanu mwachisawawa poti chimayendera m'kati mwa emulator, koma fayilo ya .exe yomwe wina akuti ndi "gemu ya Commodore" ndi yokayikitsa. Isiyeni.

Ngati mukungofuna kulawa kaye, Internet Archive ili ndi mapulogalamu akale ambirimbiri omwe amayenda mu browser momwemo popanda kuika chilichonse. Pomwepo mudzaona ngati zakukokani mtima.

Chachitatu: nkhani ya ROM

Kompyuta zakalezi zinkadzuka msanga chifukwa pulogalamu yoziyendetsa inali yosindikizidwa kale m'kachipangizo kotchedwa ROM. Emulator imatsanzira zitsulo, koma imafunabe kope la zomwe zinali mu ROM. Pa Commodore 64 zilipo zitatu: BASIC (chinenero cholembera mapulogalamu), KERNAL (pulogalamu yoyendetsa makinawo) ndi ya maonekedwe a zilembo, kuphatikiza ya makina a diski. VICE ya pa Windows imabwera nazo kale. Pa mitundu ina ya Linux, monga Debian, anazichotsa chifukwa cha malamulo a umwini, ndiye VICE ikakana kudzuka n'kumadandaula za KERNAL, vuto lake ndi limenelo.

Spectrum ilibe chovuta. Amstrad, yomwe inagula makompyuta a Sinclair mu 1986, inalola kuti ma ROM ake azigawidwa limodzi ndi ma emulator. Amiga ndiye ina: ROM yake, Kickstart, ikadali ndi eni ake, ndipo njira yolongosoka yoipezera ndi kugula Amiga Forever ya kampani ya Cloanto, kapena kukopa ya m'makina anu ngati muli nawo.

Mapulogalamu enieniwo nawonso ali ndi eni. Mawu akuti abandonware omwe mudzakumane nawo pa intaneti si chilolezo cha lamulo, amangotanthauza kuti chinthucho sichikugulitsidwanso. Koma alembi ambiri analola ntchito zawo kugawidwa mwaulere, ndipo mpaka lero pali anthu omwe akulembabe magemu atsopano a makina amenewa. Zoyambira nazo simungasowe.

Chachinayi: yatsani Commodore 64, musalowetse kanthu

M'foda ya VICE muli mapulogalamu angapo, aliyense wa makina ake. Yanu ndi x64sc. Mukaitsegula muona sikirini ya buluu woderapo yozunguliridwa ndi buluu wowala, pamwamba palembedwa kuti 38911 BASIC BYTES FREE, m'munsi mwake READY, ndi kabokosi kakuthwanima. Palibe mausi, palibe tizithunzi todina. Makina akudikira kuti muwauze chochita.

Lembani mizere iwiri iyi, ndipo pamapeto pa uliwonse dinani Enter:

10 PRINT "MONI"
20 GOTO 10

Kenaka lembani RUN. Mawu akuti MONI ayamba kutsika osalekeza. Kuti muimitse dinani RUN/STOP, batani lomwe pa kiyibodi yanu kulibe, ndipo VICE inaliika pa Esc.

Mwina mwavutika kale kupeza chizindikiro cha ". Pa Commodore chinali pa Shift ndi 2. VICE ili ndi njira ziwiri zolumikizira kiyibodi, zomwe mungasankhe mu Settings. Ya Symbolic imatsata chizindikiro chomwe chalembedwa pa batani lanu, choncho ndi yabwino polemba. Ya Positional imatsata malo omwe batanilo linali pa makina akale, ndipo imathandiza pa magemu omwe mabatani ake anasanjidwa kuti agwirizane ndi zala. Yambani ndi Symbolic.

Yesaninso ichi: POKE 53280,0. Malire a sikirini asanduka akuda nthawi yomweyo. Mwangolemba nambala m'kati mwa kachipangizo ka zithunzi ka VIC-II, popanda china chilichonse pakati panu ndi iko. Sinthani 0 uja ndi nambala ina mpaka 15 muone mitundu yonse 16 yomwe makinawa anali nayo. Ine chimenechi chimandisangalatsabe nthawi zonse, chifukwa kompyuta ya lero sikulolani kufika pafupi chotero.

Chachisanu: lowetsani diski

Pali njira yachidule. Pa menyu ya File sankhani Smart attach, lozani fayilo yanu, dinani Autostart, VICE ichita zonse yokha. Koma ulendo woyamba chitani pamanja, chifukwa tsiku lomwe Autostart idzakanike mudzafuna kudziwa chomwe imachita.

Musanatero, kopani fayilo ya .d64 n'kusunga ina padera. Emulator imatha kulemba pa diskiyo, ndipo gemu ikasungapo zigoli kapena ikasokoneza china, kope loyera lija lidzakupulumutsani.

Pa File sankhani Attach disk image, kenaka Drive 8. Nambala 8 ndiyo inali ya makina a diski oyamba kulumikizidwa ku kompyuta, omwe apa ndi Commodore 1541. Tsopano lembani:

LOAD"$",8

Ikanena READY lembani LIST. Muona mndandanda wa zomwe zili pa diski, nambala kumanzere kusonyeza kukula kwake, PRG kumanja kusonyeza kuti ndi pulogalamu. Kuti mutsegule yoyamba pa mndandandawo lembani:

LOAD"*",8,1

Nyenyeziyo ikuimira fayilo yoyamba. 1 wakumapetoyo akuuza makina kuti aike pulogalamuyo pamalo omwe mlembi wake anasankha mu RAM, osati poyambira BASIC. Mukamuiwala, magemu ambiri amalowa koma osayenda. Ena amayamba okha, ena amabwerera pa READY kudikira kuti mulembe RUN.

Ndiye mudikire. 1541 inali yochedwa kwabasi, mabayiti mazana ochepa chabe pa sekondi, moti gemu yaikulu inkatenga mphindi zingapo. VICE imatsanziranso kuchedwako mokhulupirika. Dinani Alt ndi W kuti makina athamange mmene kompyuta yanu ingathere, ndipo gemu ikaoneka dinaninso kuti abwerere mwakale.

Mu Settings muli chosankha chotchedwa True drive emulation. Chisiyeni choyatsa. Chifukwa chake n'chakuti 1541 inali kompyuta payokha, yokhala ndi purosesa ya 6502 ndi RAM ya 2 KB. Alembi a magemu, potopa ndi kuchedwa kuja, ankatumiza timapulogalamu tawo m'kati mwa makina a diskiwo kuti aziwerenga mofulumira. Mukazimitsa chosankhachi, timapulogalamu timeneti timasowa pofikira, ndipo gemu imangoima pakati pa njira osanena kanthu.

Gemu ikalemba kuti mutembenuze diski kapena muike yachiwiri, musazimitse makina. Bwererani pa Attach disk image, lowetsani fayilo ya mbali inayo mu Drive 8 momwemo, kenaka dinani batani lomwe gemuyo yanena, kawirikawiri Space. Kaseti nayo njira yake ndi yomweyo: ilowetseni ngati tape image, lembani LOAD, ndipo makina akati PRESS PLAY ON TAPE, dinani Play pa timabatani ta kaseti tomwe tili m'munsi mwa windo.

Chachisanu ndi chimodzi: gemu yatseguka koma sikumva

Apa ndi pomwe ambiri amagwa ulesi. Inenso ndinataya madzulo athunthu ndikupanga dawunilodi gemu imodzimodzi kuchokera malo osiyanasiyana, ndikuganiza kuti mafayilo onsewo ndi owonongeka, pomwe nyimbo ikulira bwinobwino ndipo sikirini ikungonena kuti PRESS FIRE. Vuto linali doko la joystick, chowongolera gemu chogwira m'manja.

Commodore 64 inali ndi madoko awiri, ndipo magemu ambiri a munthu mmodzi amagwiritsa ntchito lachiwiri. Loyamba limagawana mawaya ndi kiyibodi m'njira yoti mukagwedeza joystick makina amaona ngati mukulemba zilembo, choncho alembi ankalipewa. Mu Settings, pa gawo la joystick, ikani chowongolera chanu pa port 2. Ngati mulibe cha USB, sankhani Numpad: 8, 2, 4 ndi 6 ndi mbali zinayi, 0 ndi batani lowombera. Laputopu yopanda manambala a pambali imafuna Keyset, pomwe mumasankha nokha mabatani. Gemu ikapanda kumvabe, dinani Alt ndi J, madoko awiriwo asinthana.

Chachiwiri choyang'ana ndi PAL ndi NTSC. Makinawa ankalumikizidwa ku wailesi yakanema, ndipo za ku Europe (PAL) zinkajambula chithunzi ka 50 pa sekondi pomwe za ku America (NTSC) zinkajambula ka 60. Alembi ankawerengera nthawi pa kugunda kumeneku. Gemu ya ku Europe mukaiyendetsa pa NTSC, nyimbo imathamanga, zithunzi zimanjenjemera, nthawi zina imafa kumene. Mukakayika yambani ndi PAL, chifukwa magemu ochuluka kwambiri a makinawa analembedwa ku Europe.

Mawu nawo ali ndi nkhani yake. Kachipangizo ka SID, kopangidwa ndi Bob Yannes, kali ndi mawu atatu okha, komabe oimba ankakafinya mpaka kumveka ngati gulu lathunthu. Kalipo ka mitundu iwiri, 6581 ka makina oyamba ndi 8580 ka makina a m'mbuyo mwake, ndipo sikamveka mofanana. Ngati gemu ili ndi mawu a munthu kapena ng'oma zojambulidwa koma zikumveka chapansipansi, sinthirani ku 6581.

Chithunzi musachitambasule kudzaza sikirini yonse. Chinapangidwira wailesi yakanema ya 4:3, ndipo mukachikoka m'mbali zozungulira zimasanduka mazira. Mizere yakuda kumanzere ndi kumanja isakuvuteni. Yesaninso CRT emulation, yotsanzira galasi la wailesi yakanema yakale: ojambula a nthawi imeneyo ankadalira kusawala bwino kwa galasi lakale kuti mitundu isakanikirane, ndiye zithunzi zina zimakongola mukabwezeretsa kachimbuuzi kameneko.

Pomaliza pali Snapshot, mwayi womwe eni makina enieni analibe. Imasunga makina onse mmene alili pa sekondi imeneyo, ndipo mawa mukhoza kupitiriza pomwepo. Ingodziwani kuti snapshot ya VICE yakale nthawi zina imakana kutseguka mu VICE yatsopano, choncho ntchito yofunika muziisunganso pa diski yotsanzira ija.

ZX Spectrum

Mu Fuse mukatsegula fayilo ya kaseti, imadzilowetsa yokha. Chofunika ndi kusankha makina oyenera pa Machine kenaka Select. Magemu oyambirira amafuna Spectrum 48K, ndipo ena mwa iwo amakana pa 128K. A m'mbuyo mwake amayenda pa onse awiri, koma nyimbo zabwino zimamveka pa 128K pokha, chifukwa ndi yomwe inali ndi kachipangizo ka mawu ka AY.

Mukafuna kulowetsa pamanja pa 48K, musalembe chilembo chimodzichimodzi. Pa makinawa batani limodzi limatulutsa liwu lathunthu: J imalemba LOAD. Kenaka gwirani Symbol Shift, yomwe mu Fuse ili pa Ctrl, n'kudina P kawiri kuti mupeze "", ndiye Enter. Pa menyu ya Help pali chithunzi cha kiyibodi yonse, chisungeni pafupi.

Kamodzi kokha, zimitsani kulowetsa kwachangu mu Options kuti muone mmene zinkakhalira. Malire a sikirini amayamba ndi mizere yofiira ndi yobiriwira mwabuluu, kenaka yachikasu ndi yabuluu yothamanga, sipika ikulira tswiii, chithunzi chikubwera mzere ndi mzere chakuda ndi choyera, mitundu n'kudzagwera pamwamba pake kumapeto. Zimatenga pafupifupi mphindi zisanu. Mukaona mtundu wa kamunthu ka m'gemu ukudetsa khoma lomwe kakudutsa, emulator sinalakwitse. Spectrum inkalola mitundu iwiri yokha m'kabokosi kalikonse ka timadontho 8 m'litali ndi 8 m'lifupi.

Makinawa analibe doko la joystick poyamba, ndiye magemu ambiri amakufunsani mtundu womwe muli nawo. Sankhani Kempston mu gemu, n'kusankhanso Kempston mu Fuse. Apo ayi gwiritsani ntchito kiyibodi, pomwe Q, A, O, P ndi Space ndiwo mabatani omwe ankakondedwa.

Amiga

Kuno kufananitsa makina n'kofunika kuposa kwina konse. Pa magemu ambiri a diski konzani Amiga 500 ya 1987: purosesa ya Motorola 68000, Kickstart 1.3, RAM ya 512 KB ndi ina 512 KB yowonjezera. Gemu yolembedwa kuti AGA (tizipangizo ta zithunzi ta ma Amiga a pambuyo pake) imafuna Amiga 1200 ya 1992 ndi Kickstart 3.0 kapena 3.1. WinUAE ili ndi tsamba la Quickstart pomwe mumangosankha dzina la makina, ndipo pamenepo ndi poyambira pabwino. Masamba ena onsewo, odzaza ndi tizosankha tambirimbiri, asiyeni kaye.

Uzani emulator foda yomwe muli ma Kickstart, ikani .adf yoyamba mu DF0 (makina a diski oyamba), yatsani. Mukaona chithunzi cha dzanja litagwira diski, ROM ili bwino koma diski sinalowe kapena si yodzutsira makina. Batani la F12 limatsegula menyu yosinthira madiski. Pali chosankha chofulumizitsa makina a diski, koma gemu ikakanika chibwezereni pa 100%. Mukatopa ndi kusinthasintha madiski, fufuzani za WHDLoad, yomwe imalola magemu a madiski ambiri kuyenda kuchokera pa hard disk yotsanzira.

MS-DOS mwachidule

Pangani foda, mwachitsanzo C:\akale, muikemo magemu anu. Mu DOSBox lembani mount c c:\akale, kenaka c:, kenaka dir. Lowani m'foda ya gemu ndi cd, ndipo ngati muli SETUP kapena INSTALL yambani ndi imeneyo. Ikafunsa za mawu sankhani Sound Blaster, adiresi 220, IRQ 7, DMA 1. Gemu ikathamanga mopitirira dinani Ctrl ndi F11, ikachedwa Ctrl ndi F12. Musapange mount hard disk yanu yonse, chifukwa pulogalamu ya DOS imatha kufufuta mafayilo enieni omwe ali m'foda yomwe mwaipatsa.

Ngati muli ndi makaseti kapena madiski enieni

Awa ndiwo ofunika changu, chifukwa maginito ake amafooka ndi zaka, ndipo pulogalamu yomwe munthu analemba yekha kunyumba ilibe kope lina kulikonse. Kaseti ndi yosavuta, poti zomwe zilimo ndi phokoso chabe. Lumikizani choimbira makaseti ku kompyuta, jambulani ndi Audacity ngati WAV, osati MP3 yomwe imataya mbali ya phokosolo, ndipo musakweze mawu mpaka kusweka. Pali timapulogalamu taulere tosandutsa WAV kukhala .tzx kapena .tap. Sungani WAV ija ngakhale kusandutsako kutatheka.

Diski imafuna kusamala kwambiri. Iyang'aneni kaye powala kudzera pa kabowo kake. Ngati pali timadontho toyera ta nkhungu musaiike m'makina, chifukwa idzadetsa mutu wowerengera n'kukanda madiski otsatira. Makina a diski a USB omwe amagulitsidwa lero amawerenga madiski a PC okha, a Amiga sangawathe ngakhale kukula kwake n'kofanana. Pamafunika kachipangizo monga Greaseweazle kapena KryoFlux, kolumikizidwa ku makina akale a diski, komwe kamajambula maginito enieniwo mmene alili. Amene ali ndi 1541 yamoyo akhoza kuilumikiza ku USB ndi ZoomFloppy.

Tsekani diskiyo kuti isalembedwe musanailowetse: pa ya mainchesi 5.25 matani kapepala pa kampata ka m'mbali, pa ya 3.5 kankhani kachitseko ka pakona kuti bowo lioneke. Ulendo woyamba womwewo jambulani zonse, popeza diski yokalamba nthawi zina imalola kuwerengedwa kamodzi kokha. Fayilo ikatuluka, ilembeni dzina logwirizana ndi zomwe zili pa chikuto cha diskiyo, jambulaninso chikutocho ndi foni, muziike m'foda imodzi, ndipo kope loyesera mu emulator likhale lina.